Nsalu zofiira za ku Samoa: lipoti la mliri wa chikuku wa 2019 ndi kampeni ya katemera wa dziko lonse

Ndikamaphunzitsa obaya katemera amene angoyamba kumene ntchito, ndimaika patebulo timabotolo tiwiri: kena ka katemera wa chikuku, amene amabwera ngati ufa wouma, kena ka madzi ake osungunulira. Ndimasankha mmodzi kuti asakanize ife tikuonerera. Ambiri amachita bwino. Koma sipalephera kupezeka wina wamanja achangu amene amathyola kabotolo ka madzi n'kukoka ndi jakisoni, maso ali kwa ine, osawerenga n'komwe zolembedwa pakabotolopo. Ameneyo ndimamugwira dzanja, kenako kalasi lonse ndimalikhazika pansi n'kulifotokozera za ku Samoa. Lipoti ili ndi nkhani yomweyo, kungoti pano ndailemba yonse ndi masiku ake, kuti anzanga okonza makampeni a katemera aione bwino.

Samoa ndi dziko la zilumba m'nyanja ya Pacific. Anthu ake ndi pafupifupi 200,000, ndipo ambiri amakhala pa zilumba ziwiri zikuluzikulu: Upolu, kumene kuli likulu la Apia, ndi Savai'i. Kumapeto kwa 2019 chikuku chinagwira anthu oposa 5,700 m'dzikoli. Oposa 1,800 anagonekedwa m'chipatala, ndipo 83 anamwalira, ambiri mwa iwo ana osakwana zaka 5. Pa 5 ndi 6 Disembala boma linatseka dziko lonse kuti aliyense abayidwe katemera pakhomo pake. Anthu akamatchula Samoa amakumbukira masiku awiri amenewo, ndipo sindiwadabwa, kampeni yotero siioneka kawirikawiri. Ine koma nkhaniyi ndimaiyambira miyezi 17 m'mbuyo mwake, patebulo losakanizira katemera.

Tsiku la 6 Julayi 2018

Pachipatala china chaching'ono cha pachilumba cha Savai'i, ana awiri a chaka chimodzi anabayidwa katemera wa MMR, amene amateteza ku chikuku, matsagwidi ndi rubella (matenda ena a totupa ofanana ndi chikuku). Onse awiri anamwalira tsiku lomwelo, patangopita mphindi zochepa chibayidwireni. Ofufuza anapeza kuti katemerayo analibe vuto lililonse. Cholakwika chinali chimene anasungunulira. M'malo mwa madzi ake, ufa wa katemera unasakanizidwa ndi mankhwala ofooketsa minofu, aja amagwiritsidwa ntchito munthu akamachitidwa opaleshoni, ndipo ngakhale tsiku lake linali litapitirira kale. Anamwino awiri anavomera kukhoti mlandu wopha mosafuna, ndipo mu Ogasiti 2019 anagamulidwa kukakhala kundende zaka zosachepera 5.

Mankhwala amtunduwu amafoola minofu yonse, kuphatikizapo imene timapumira. Kuchipinda cha opaleshoni si vuto, chifukwa wodwala amakhala ndi paipi kukhosi ndipo makina kapena dokotala amamupumira. Kuchipinda chobayira ana kulibe paipi, kulibe makina. Mwana amangolefuka m'manja mwa mayi ake, osalira n'komwe.

Ophunzira anga akamva apa amapukusa mitu, ati ife sitingachite zimenezo. Ndimawauza kuti adekhe kaye. Madzi osungunulira safunika kukhala mufiriji nthawi zonse, koma amayenera kuzizira mofanana ndi katemera, pakati pa madigiri 2 ndi 8, asanasakanizidwe. Choncho dzulo lake amalowetsedwa mufiriji. Mankhwala ena ofooketsa minofu, monga atracurium ndi suxamethonium, nawonso amasungidwa mufiriji. Timabotolo take n'tagalasi, tating'ono, tamadzi oyera mbee, zilembo zake zonga nyerere. Pachipatala chimene chili ndi firiji imodzi yokha, zinthu zimenezi zimagona moyandikana. Ku Idlib, m'dziko la Syria, mu Seputembala 2014, ana osachepera 15 anamwalira pa kampeni ya chikuku chifukwa atracurium anatengedwa ngati madzi osungunulira. Ku South Sudan mu 2017 ana ena 15 anamwalira pa kampeni ya chikuku, koma kumeneko cholakwika chinali china: jakisoni mmodzi ankasakanizira katemera masiku angapo, ndipo katemerayo sanasungidwe pozizira, mpaka analowa majeremusi. N'chifukwa chake lamulo limati katemera wa chikuku akasakanizidwa atayidwe pakatha maola 6, kapena kubaya kukatha ngakhale maolawo asanakwane.

Inenso ndinakumanapo nazo pang'ono. Tsiku lina poyendera chipatala china ndinatsegula firiji ya katemera n'kupeza, m'kabokosi ka madzi osungunulira, timabotolo titatu ta mankhwala a kuchipinda chochirira amayi. Firiji ya kumeneko inali itawonongeka, ndiye mnzathu wina anangoti tisungire kuno kaye. Sanali munthu wosasamala. Anali kupulumutsa mankhwala ake. Koma m'mawa mwake kunali sikelo, ndipo wobaya wake anali wongobwera kumene.

Miyezi imene ana sanabayidwe

Ana awiri aja atamwalira, boma la Samoa linaimitsa katemera wa MMR m'dziko lonse. Kuimitsako pakokha sindikutsutsa. Ana awiri akamwalira tsiku limodzi pamalo amodzi, choyamba n'kuika pambali katemera yense wa gulu limenelo, kutanthauza amene anapangidwira limodzi kufakitale, mpaka zidziwike ngati vuto lili pa katemera, pa kasungidwe, kapena pa dzanja la wobaya. Imeneyi ndi ntchito ya masiku kapena masabata. Ku Samoa katemerayu anayambiranso mu Epulo 2019. Mlandu wa anamwino unatha mu Ogasiti, patapita chaka ndi mwezi chichitikireni ngoziyo.

Taganizirani kholo limene lili ndi mwana wa miyezi 12 pa nthawi imeneyo. Chimene lamva n'chakuti ana awiri afa ndi katemera, ndipo boma lomwe laletsa katemerayo. Mawu akuti "katemera analibe vuto, analakwitsa ndi osakaniza" akabwera mochedwa, amapeza mitima itatseka kale. Otsutsa katemera, a m'dzikomo ndi akunja omwe, anapezerapo mpata makamaka pa Facebook. Komabe sindikonda kuwasenzetsa mtolo wonse, monga amachitira ena polemba za Samoa. Makolo aja sanaope mphekesera chabe. Anaopa maliro enieni awiri. Ndipo chiwerengero cha ana obayidwa chinali chitayamba kale kutsika zaka zingapo 2018 isanafike. Ngoziyo inangogwetsa khoma limene linali ndi ming'alu kale.

Bungwe la WHO ndi la UNICEF anayerekeza kuti mu 2018 ana 31 okha pa ana 100 alionse a ku Samoa ndi amene analandira katemera woyamba wa chikuku. Kuti timve kulemera kwa nambala imeneyi, tiyerekeze dera limene mumabadwa ana 1,000 pachaka. Ngati obayidwa ndi 310, ndiye kuti 690 atsala opanda chitetezo. Ana amenewa sasowa chaka chikatha. Amakula, amayamba kuyenda, amasewera ndi anzawo, ndipo chaka chotsatira pamabweranso ena kudzawonjezera. Pamwamba pawo pali makanda amene sanafike msinkhu wobayidwa, ndi ena ochepa amene anabayidwa koma thupi silinapange chitetezo, pakuti jakisoni mmodzi wa pa miyezi 12 amagwira mwa ana pafupifupi 93 pa 100, ndipo awiri amafikitsa pa 97. Ife pantchito timati akuunjikana. Zili ngati udzu wouma umene ukungodikira wina adutse ndi moto.

Chikuku sichifuna udzu wambiri. Pakati pa anthu opanda chitetezo, wodwala mmodzi amapatsira anthu 12 mpaka 18. Kachilombo kake kamayandama mumpweya mpaka maola awiri wodwala atachoka kale m'chipinda. Masamu ake ndi apafupi: ngati mmodzi angapatsire 15, kuti matenda asakule pafunika kuti 14 mwa 15 amenewo akhale otetezedwa. Apa m'pamene pamachokera nambala imene timaimva kawirikawiri, yakuti anthu 95 pa 100 alandire majakisoni awiri. Otsalawo, makanda, amayi oyembekezera amene sanabayidwepo, odwala khansa, amatetezedwa ndi anzawo owazungulira, chifukwa kachilombo kamasowa njira yowafikira. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa chikuku mawu amenewa ndi masamu ndithu.

Kachilombo kafika

Chaka cha 2019 chinali choipa pa chikuku padziko lonse. Odwala amene analembedwa anaposa 860,000, chiwerengero chimene chinali chisanaonekepo kuyambira 1996. Ku Democratic Republic of Congo ndi ku Madagascar kunafa anthu masauzande. New Zealand nayo inali ndi mliri wa anthu oposa 2,000, ambiri ku Auckland, mzinda umene kumakhala Asamoa ochuluka ndipo ndege zimayenda pafupipafupi pakati pa Auckland ndi Apia. Pofika Seputembala kachilombo kanali katalowa ku Samoa kudzera njira imeneyi.

Pano ndipatuke pang'ono. Mu Novembala 1918 sitima yapamadzi yotchedwa Talune inafika ku Apia kuchokera ku Auckland komweko itanyamula anthu odwala chimfine choopsa chimene chinafalikira padziko lonse chaka chimenecho. M'miyezi iwiri yokha munthu mmodzi mwa asanu alionse a ku Samoa anali atamwalira. Ku American Samoa, pafupi pomwepo, akuluakulu anatseka doko ndipo sikunafe munthu. Ku Fiji, chikuku cha mu 1875 chinapha anthu pafupifupi 40,000. Anthu a pazilumbazi akudziwa bwino chimene matenda obwera ndi alendo amachita, si nkhani yowaphunzitsa.

Boma linalengeza za mliri pa 16 Okutobala 2019. Odwala ambiri anali a pachilumba cha Upolu, ndipo chipatala chachikulu cha ku Apia chinadzaza msanga. Amene sanaonepo wodi ya chikuku amaganiza kuti ndi matenda a totupa basi. Amayamba ndi kutentha thupi kwambiri, chifuwa, chimfine ndi maso ofiira. Totupa timabwera pakapita masiku angapo, kuyambira kumaso n'kutsikira thupi lonse. Chimapha ana si totupa ayi. Ndi chibayo makamaka, kenako kutsegula m'mimba ndi kutha madzi m'thupi, ndipo nthawi zina kutupa kwa ubongo. Mankhwala opha kachilomboka kulibe. Timangothandiza thupi: vitamini A kawiri, tsiku loyamba ndi lotsatira, madzi, mpweya wa okosijeni, ndi mankhwala opha mabakiteriya chibayo chikalowererapo. Ngakhale mwana achire, chikuku chimafufuta mbali ina ya chitetezo chimene thupi linapanga kale pa matenda ena, choncho amadwaladwala kwa nthawi ndithu.

Vuto lina limene tonse timalidziwa koma timachedwa kulikonza n'lakuti chipatala chenichenicho chimasanduka pofalitsira. Mayi wabwera ndi khanda la malungo wamba kapena chilonda, wakhala pabenchi limodzi ndi mwana wa chikuku amene totupa sitinatuluke. Pakatha masiku 10 mpaka 14 khanda lija labweranso, tsopano ndi chikuku.

Pa 15 Novembala boma la nduna yaikulu Tuilaepa Sailele Malielegaoi linalengeza kuti dziko lili pangozi. Sukulu zonse zinatsekedwa, ana analetsedwa kupezeka pamisonkhano, ndipo katemera anakhala wokakamiza. Kampeni yaikulu inayamba pa 20 Novembala. Anayambira ana a miyezi 6 mpaka achinyamata a zaka 19, ndi amayi a zaka 20 mpaka 35 amene sanali oyembekezera. Oyembekezera sabayidwa chifukwa katemerayu ali ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa. Kutsitsa msinkhu kufika pa miyezi 6 kunali koyenera: pa mliri makanda ndi amene amafa kwambiri, ndipo ngakhale jakisoni wa msinkhu umenewu sagwira bwino ngati wa pa chaka, amapulumutsa ambiri. Chofunika n'kukumbukira kuti jakisoni ameneyu sawerengedwa. Mwana adzafunikabe majakisoni ake awiri a nthawi zonse.

Mayiko ena anatumiza madokotala ndi anamwino, makamaka Australia ndi New Zealand, ndipo UNICEF inabweretsa katemera wokwanira anthu oposa 100,000. Ku New Zealand anthu ongodzipereka anayamba kukhoma timabokosi ta maliro a ana n'kumatumiza.

Masiku awiri otseka dziko

Pofika pa 5 Disembala odwala anali ataposa 4,000 ndipo omwalira anali oposa 60. Tsiku limenelo ndi lotsatira lake boma linatseka maofesi ndi mabizinesi, magalimoto wamba analetsedwa pamsewu, ndipo anthu anauzidwa kuti akhale pakhomo. Ogwira ntchito m'boma ambiri anasiya ntchito zawo n'kukathandiza magulu obaya. Msinkhu unakwezedwa mpaka zaka 60. Banja lililonse limene munali munthu wosabayidwa linapemphedwa kupachika nsalu kapena mbendera yofiira panja, poonekera kumsewu.

Nsalu yofiirayi ndimaisirira monga munthu wa ntchitoyi. Pa kampeni ya khomo ndi khomo nthawi yambiri imathera pa zinthu ziwiri: kugogoda pamakomo pamene onse anabayidwa kale, ndi kupeza pakhomo palibe munthu. Kutseka dziko kunathetsa chachiwiricho, nsalu inathetsa choyambacho. Gulu lili m'galimoto limaona patali pamene liyenera kuima. Komanso katemera wosakaniza kale, amene ali ndi maola 6 okha, sawonongeka m'chikwama anthu akuyenda mtunda wopanda phindu. Ndipo banja likapachika nsalu ndiye kuti lavomera kale. Wobaya safika ngati wapolisi, amafika ngati woitanidwa.

Koma nsalu ili ndi malire ake. Imaonetsa okhawo amene akufuna. Banja limene likuopabe, kapena limene likuchita manyazi kuti anansi adziwe kuti ana ake sanabayidwe, lingangokhala chete, gulu n'kudutsa. Kutero njirayi imayenda bwino pamene mantha a matenda aposa mantha a jakisoni, ndipo ku Samoa pofika Disembala zinali choncho, maliro a ana anali atafika pafupifupi m'dera lililonse. Sindingalangize munthu kuti adalire nsalu yokha pa kampeni yopewera, pamene anthu sanaone wodwala ndi mmodzi yemwe. Pamenepo pamafunika kaundula wa mabanja ndi gulu lina lobwera pambuyo kudzafufuza otsala.

Tisaiwalenso kuti Samoa ndi dziko laling'ono, midzi yake yambiri ili m'mbali mwa misewu yozungulira zilumba, ndipo mafumu ndi mipingo ali ndi mawu amphamvu. Dziko la anthu mamiliyoni makumi angapo silingatsekedwe motero n'kumaliza m'masiku awiri.

Masiku awiriwo atatha, boma linati pafupifupi anthu 90 pa 100 oyenera kubayidwa anali atabayidwa, ndipo pofika kumapeto kwa mwezi nambalayo inafika pa 95. Odwala atsopano anayamba kuchepa, ndipo lamulo la dziko pangozi linachotsedwa Disembala asanathe.

Kodi kampeniyo ndi imene inathetsa mliri?

Inathandiza kwambiri, zimenezo sindikayika. Anthu masauzande amene akanadwala mu Disembala ndi Januwale sanadwale. Koma tikamawerenga chithunzi cha mzere wosonyeza chiwerengero cha odwala tsiku ndi tsiku, mzere ukamatsika tisamafulumire kudziombera m'manja. Mzere umatsika pa zifukwa ziwiri: ena atetezedwa ndi katemera, ena atetezedwa chifukwa adwala kale. Pamene dziko linkatsekedwa, anthu oposa 4,000 mwa 5,700 aja anali atadwala kale. Mbali yaikulu ya udzu inali itapsa.

Masiku ndi amene amandiwawa. Kuchokera pa 16 Okutobala, pamene mliri unalengezedwa, kufika pa 20 Novembala, pamene kampeni yaikulu inayamba, panadutsa masiku 35. Chikuku chimatenga masabata awiri kapena kucheperapo kuchoka kwa wodwala mmodzi kufika poti amene anawapatsira nawonso ayambe kupatsira ena. Ndiye kuti m'masiku 35 muli mibadwo pafupifupi itatu ya kachilombo, ndipo mbadwo uliwonse umachulukitsa odwala kangapo. Onjezani kuti katemera sagwira tsiku lomwelo: thupi limafuna masabata awiri kapena atatu kuti lipange chitetezo chokwanira. Munthu amene wakumana ndi wodwala angapulumuke ngati wabayidwa pasanathe maola 72, kupitirira apo madzi atayika. Choncho ena mwa ana amene anabayidwa pa 5 Disembala anali ndi kachilombo kale m'thupi, ndipo anadwala sabata yotsatira.

Mfundo imeneyi obaya ayenera kuinena pakhomo, jakisoni asanalowe: "Mayi, ngati mwanayu anatenga kale chikuku masiku apitawa, adwalabe, ndipo sichikhala chifukwa cha jakisoniyu. Akatentha thupi kapena kupuma mobanika, thamangirani kuchipatala." Mawu amenewa satenga mphindi imodzi. Akapanda kunenedwa, mwana wodwala pambuyo pa kampeni amasanduka umboni wa otsutsa, makamaka m'dziko limene katemera yemweyo anali kale ndi mbiri ya maliro.

Umboni wina woti nkhani inagona pa katemera wa nthawi zonse uli ku Tonga, dziko lina la zilumba loyandikana ndi Samoa. Kachilombo kanafikanso kumeneko nthawi yomweyo, kuchokera ku New Zealand komweko. Anadwala anthu mazana angapo, ambiri achinyamata, koma sikunafe munthu, chifukwa ana aang'ono ambiri anali obayidwa. Fiji nayo inali ndi odwala ochepa. Nyanja imodzi, chaka chimodzi, kachilombo kamodzi.

Pamaphunziro ena wina anandifunsa chifukwa chake pa chikuku timabaya dziko lonse, pamene nthomba inathetsedwa pobaya okhawo ozungulira wodwala. Funso labwino. Njira imeneyo inaonekera mphamvu yake kum'mawa kwa Nigeria cha m'ma 1966 ndi 1967, pamene dokotala wa ku America William Foege ndi anzake, katemera atawachepera, anayamba kufunafuna odwala n'kubaya a m'nyumba mwawo ndi a m'mudzi mwawo okha. Inagwira ntchito mpaka wodwala womaliza wotenga nthomba mwachilengedwe anapezeka ku Somalia mu 1977, ndipo mu 1980 WHO inalengeza kuti matendawa atha. Koma nthomba inkayenda pang'onopang'ono, ndipo munthu ankapatsira ena kwambiri zilonda zitatuluka, ali gone, aliyense akumuona. Wa chikuku amayamba kupatsira masiku 4 totupa tisanatuluke, akuyenda, akupita kusukulu, akukwera basi, aliyense akuyesa chimfine. Mukamafika kuti muzungulire mudzi, kachilombo kali kale midzi itatu kutsogolo. Pa chikuku palibe njira yachidule: onse abayidwe, ndipo abayidwe kachilombo kasanafike.

Pa nambala ya 95 pa 100 ija ndili ndi chenjezo limodzi, osati kwa Samoa yokha. Kampeni ikaphatikiza akuluakulu mpaka zaka 60, ambiri mwa obayidwa amakhala anthu amene anali otetezedwa kale, mwina anadwala chikuku ali ana kapena anabayidwa kalekale. Kuwabaya si kulakwa, pa mliri palibe nthawi yofufuza makadi a aliyense. Koma nambala ya dziko lonse ingakongole pamene m'dera lina ana osakwana zaka 5 atsalabe ambiri, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ine lipoti la kampeni likandipeza ndimayamba ndaona mzere wa ana a miyezi 6 mpaka zaka 4, dera ndi dera, kenako ndimafunsa kuti chiwerengero cha ana onse a m'deralo anachitenga kuti. Nthawi zambiri chimakhala cha kalembera wakale.

Za kukakamiza ndinene mwachidule. Pa ngozi ngati imeneyi ndikuvomereza, ndipo nyumba ya malamulo ya Samoa inapitirira n'kukhazikitsa lamulo lakuti mwana azionetsa umboni wa katemera polembetsa sukulu. Koma lamulo limagwira mwana wa zaka zoyamba sukulu. Amene anafa ambiri mu 2019 anali asanafike n'komwe pa msinkhu umenewo.

Zimene ndinasintha pantchito yanga

Nditaiwerenga bwino nkhaniyi ndinasiya kuona kasakanizidwe ka katemera ngati phunziro la mphindi khumi. Tsopano wosakaniza amawerenga mokweza dzina la pakabotolo ka ufa, dzina la pakabotolo ka madzi, kampani imene inapanga, ndi tsiku lotha ntchito, mnzake akumvetsera ndi kuona. Madzi a kampani ina sasungunulira katemera wa kampani ina, ngakhale onse akhale a chikuku. Nthawi yosakanizira imalembedwa pakabotolo pomwepo. Mufiriji ya katemera simulowa mankhwala ena alionse, ndipo pamene firiji ili imodzi yokha, mankhwala enawo amakhala m'bokosi lotseka, lamtundu wina, pashelefu yakeyake. Pamalo obayira pamakhala adrenaline, mankhwala opulumutsira munthu amene thupi lake lakana katemera mwadzidzidzi, ndipo wobaya aliyense amadziwa mlingo wa mwana osatsegula buku.

Chachiwiri chinandivuta kwambiri kuti akuluakulu achivomere. Tinalemberatu, kusanachitike kanthu, zoyenera kuchita mwana akamwalira kapena kudwala kwambiri atabayidwa: ndani akafike pamalopo tsiku lomwelo, ndani akakhale ndi banja, ndani alankhule kwa anthu, ndiponso kuti ngati tiimitsa katemera tiimitse katemera wa gulu limenelo yekha, n'kunena poyera tsiku limene tidzabwerenso ndi yankho. Ena ankati kulemba zimenezi n'kuitana tsoka. Ndinawakumbutsa kuti kuchokera pa Julayi 2018 kufika pa Epulo 2019 ana a ku Samoa sanasiye kubadwa.

Chachitatu n'chakuti katemera akaima pa chifukwa chilichonse, kaya firiji yafa, kaya katemera watha, kaya msewu waduka, timatsegula kaundula wa ana amene aphonya, ndi mayina a makolo ndi kumene amakhala. Katemera akayambiranso sitidikira kuti abwere okha. Kaundula woyamba amene tinatsegula motere anali wa pachipatala chija ndinapeza timabotolo titatu mufiriji. Firiji ya kuchipinda chochirira inakonzedwa patapita masabata angapo, ndipo mnzathu uja ndi amene tsopano amayang'ana kabokosi ka madzi osungunulira madzulo alionse sikelo isanachitike.